Tsiku limene ndinamwalira ku Edinburgh

Mwezi wanga woyamba ku Edinburgh ndinkadziwa njira zitatu zokha: ya ku kalasi, ya ku shopu yogulitsa ufa, ndi ya kubedi. Ndiye mnzanga wina wa ku Kasungu, amene wakhala kuno zaka zambiri, anandinyoza. Akuti, “Achimwene, mwabwera mumzinda wa alembi a mabuku, inu n’kumangokhala m’chipinda ngati nkhuku yofungatira?” Anandiuza kuti mu 2004 UNESCO inasankha Edinburgh kukhala mzinda woyamba padziko lonse wotchedwa wa zolembalemba, ndipo ngakhale siteshoni ya sitima, Waverley, anaitcha dzina la buku la Walter Scott. Mawuwo anandilasa. Lachinayi lina kumayambiriro kwa Okutobala tinalibe kalasi, ndiye ndinaphika nsima, n’kukazinga usipa womaliza umene ndinkausunga ngati mankhwala, n’kulongedza m’kontena, ulendo wa ku Princes Street Gardens.

Pakiyo ili m’chigwa pakati penipeni pa tawuni. Kale munali dziwe lotchedwa Nor Loch, momwe anthu ankatayiramo zonyansa zonse za mumzinda, koma lero ndi kapinga wometedwa bwino, maluwa, ndi mabenchi okhala ndi mayina a anthu omwalira. Chapamwamba, pathanthwe lakuda, pali nyumba yachifumu yakale ija, Edinburgh Castle. M’mphepete mwa msewu ndi pamene pali chipilala cha Scott, chotalika mamita 61, chakuda bii ndi utsi wa malasha wa makedzana. Mkati mwake muli masitepe 287 ozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo ukamakwera amanka napanikiza. Ine ndi mimba yangayi tinakambirana, tinagwirizana kuti mlembi timulemekezera pansi pomwe.

Apa ndi pamene matama anandilowa. Ndinakumbukira kuti Lachinayi masana amayi amakhala ku tchalitchi ndi anzawo a Mvano, ndiye ndinati ndiimbe vidiyo pa WhatsApp ya mlongo wanga kuti mpingo wonse uone komwe mwana wa a Nachisale wafika.

Nkhope zinadzaza foni, mipango yoyera yokhayokha. Ndinawaonetsa Scott, atakhala pansi pa chipilala chake, buku m’manja, galu wake Maida ali pambali.

“Ameneyo anali mfumu?”

“Ayi amayi, ankalemba mabuku. Nkhope yake ili pa ndalama za Bank of Scotland, ngati mmene alili a Chilembwe kwathuko.”

“Nanga galuyo analemba chiyani?”

Azimayi anaseka mpaka foni kugwedezeka. Ndinaona kuti Scott sakugulika, ndiye ndinasendera pang’ono pomwe pali chiboliboli cha David Livingstone, Baibulo m’dzanja, chikopa cha mkango chili kumbuyo kwake. Eee, apo ndiye zinasintha. Mayi wina anayamba kufotokozera anzake kuti Blantyre wathu anatengera dzina la kwawo kwa bambo ameneyu. Amayi anga anakonza mpango, n’kunena mokweza kuti onse amve, “Mwanangatu akuyenda m’mapazi a amishoni.” Mtima wanga unali m’malere. Ndinakhala pabenchi, foni kudzanja lamanzere, lamanja likutsegula kontena kuti aone kuti ngakhale ku Ulaya sindinataye chikhalidwe.

Kenako, phuuu!

Abale, sikunali kuphulika kwa tayala. Chinthucho chinagunda m’chifuwa, chinabwerera m’makoma a nyumba za mumsewu, nkhunda zonse zinabalalika. Ine sindinaganize kawiri. Ndinakuwa “Mayo ine ndafa!” n’kudziponya pansi pa benchi. Foni inauluka, inamenya mwala, inatsetsereka pa kapinga wotsikira ku njanji, n’kuzima. Kontena inagwa chagada.

Ndili pansipo, maso ali psuu kudikira chachiwiri, ndinaona nsapato za anthu zikungodutsa mwa masiku onse. Palibe wothamanga. Mwana wina ankanyambita ayisikilimu akundiyang’ana. Agogo ena aakazi, a chikhoti chofiira, anayang’ana wotchi yawo, n’kugwedeza mutu mokhutira, kenako anawerama kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinawafunsa kuti kodi nkhondo yayamba? Anaseka mpaka kugwira benchi. Akuti ndi mzinga wa 1 koloko. Amauwomba kuchokera ku Castle tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, ndipo anayamba mu 1861, kuti oyendetsa sitima zapamadzi ku doko la Leith azikonzera mawotchi awo. Poyamba ankadalira mpira umene umagwa pansanja ya pa Calton Hill, koma kukachita chifunga sunkaoneka. Anawonjezera nthabwala ya eni mudzi, yoti anasankha 1 koloko m’malo mwa 12 chifukwa Msikotishi sangawononge onga kuwomba kakhumi ndi kawiri pomwe kamodzi kakukwana.

Tili mkati mocheza choncho, kunatera chimbalame cha kunyanja, choyera, chachikulu ngati tambala wa chizungu, maso ouma ngati a kondakitala wa minibasi. Kabawi wa kwathu amakhalako ndi manyazi, amaba kamwanapiye n’kuthawa. Ichi chinaima pomwepo n’kumatola usipa wanga mmodzimmodzi, chikundiyang’ana. Chinaitananso abale ake. Nsima anaijompha kamodzi n’kuisiya, zomwe zinandipweteka mwapadera.

Foni ndinaipeza, galasi lili ngati ukonde wa kangaude, yosayaka. Ndinati palibe kanthu, ndikaimba madzulo. Ndinapitiriza ulendo wanga wa zolembalemba ndi mawondo obiriwira ndi kapinga, ndinakaona wotchi ya maluwa, ndinakwera mpaka ku Royal Mile, n’kubwerera kunyumba cha m’ma 6.

Zomwe sindinaganize ndi zimene anaona a kumudzi. Iwo anamva kuphulika, anamva mwana wawo akunena yekha ndi pakamwa pake kuti wafa, anaona thambo likuzungulira, kenako mdima. Ndipo onse oyenera kuyambitsa nyimbo za maliro anali kale pamalo amodzi, atavala kale yunifolomu.

Nditatsegula laputopu ndinapeza mauthenga osawerengeka. Pa gulu la banja panali chithunzi changa cha tsiku la digiri, atachiika kandulo pambali. Msuweni wanga wa ku Joni analemba ndime yaitali yonena kuti ndinali munthu wofatsa, pomwe tinasiya kuyankhulana chaka chatha pa nkhani ya njinga. Ena anali atayamba kale kufunsa kuti kunyamula thupi pa ndege ndi ndalama zingati. Mnzanga wa ku Kasungu uja anali ataimbiridwa kasanu, ndipo ndikuwerenga choncho ndinamva akugogoda pakhomo ngati wapolisi.

Ndinaimba pa foni yake. Amayi atandiona sanalire, sanaseke. Anandiyang’ana nthawi yaitali, kumbuyo kwawo kukuoneka azimayi atakhala pamphasa, ena akupeta ufa.

“Ndiye kuti anthu amenewo amawomba mfuti tsiku lililonse kuti adziwe nthawi?”

“Eya amayi.”

“Alibe matambala?”

Ndisanayankhe, foni inalandidwa. Anali amalume, atavala jekete lawo la pamaliro. Anatsokomola pang’ono, n’kunena kuti athokoza Mulungu kwambiri, kwambiri zedi. Kenako anatsitsa mawu.

“Koma mphwanga, poti uli moyo, ndiye kuti laputopu ija uziigwiritsabe ntchito?”