Lolemba, 10 February 2025: Chiefs tabweza chipongwe

Mawu asasa, mapazi akuwawa. Super Bowl, fainolo ya mpira wa ku America: timu yathu ya Philadelphia Eagles 40, Kansas City Chiefs 22. Ndalemba zigolizi poyambirira kuti ndikadzawerenga tsambali ndili nkhalamba ndisadzakayike.

Dzulo Philadelphia yense anadzuka atavala zobiriwira. M'basi, m'sitolo, ngakhale agogo oyenda ndi ndodo, moni wake unali umodzi, mfuu yochemerera Eagles: "Go Birds!" Ine masana onse chakudya sichimalowa. Chimene chimandidya ndi 2023. Chaka chimenecho ku Arizona tinapita kopuma tikutsogola 24 kwa 14, kenako Patrick Mahomes, woponya mpira wa Chiefs, anatitembenuzira mpira n'kupambana 38 kwa 35. Ndiye dzulo Chiefs yomweyo, mphunzitsi wake Andy Reid yemweyo, amene anaphunzitsa Eagles zaka 14 osatipatsa chikho, amafuna Super Bowl yachitatu motsatizana, chinthu chimene palibe timu inachitapo.

Tinaonerera kwa achikulire ena oyandikana nawo nyumba kuno ku South Philadelphia. Iwowa anabadwira konkuno ndipo anadikira mpaka 2018 kuti aone Eagles ikutenga Super Bowl yoyamba, choncho sakhulupirira chilichonse wezulo yomaliza isanalire. Jalen Hurts, woponya mpira wathu, atagoletsa touchdown yoyamba (chigoli chofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo), anzake akumukankha kumbuyo monga amachitira mpira ukatsala pang'ono kudutsa mzere, tonse tinalumpha. Iwo anangopinda manja n'kunena kuti tikhale pansi, mpira sunayambe.

Amene anawadzutsa pampando ndi wotchinga wathu Cooper DeJean. Mnyamatayu ndi chaka chake choyamba mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, ndipo dzulo lomwelo amakwanitsa zaka 22. Mahomes anaponya mpira akuthawa, DeJean anauwakha m'malere n'kuthamanga nawo mayadi 38 mpaka kukagoletsa. Mbale ya mapiko a nkhuku inagwera pakapeti ndipo mayi a m'nyumbamo sanayang'aneko n'komwe. Posakhalitsa Zack Baun anawakhanso wina chodziponya, A.J. Brown n'kumalizitsa. Popuma zinali 24 kwa 0. Chigawo chonsecho Chiefs inangoyenda mayadi 23.

Apa ndiyenera kunena zakukhosi. Mphoto ya wosewera bwino koposa yapita kwa Hurts, ndipo sindikumuchitira nsanje: waponya mayadi 221, wathamanga 72, komanso wapirira zonyozedwa zambiri zoti sadziwa kuponya. Koma mpirawu aupambana ndi anyamata anayi akutsogolo kwa otchinga, a Josh Sweat, Milton Williams, Jalen Carter ndi anzawo. Mahomes anagwetsedwa kasanu ndi kamodzi asanaponye mpira, chonsecho Vic Fangio, mphunzitsi wa otchinga athu, sanatumizeko anthu owonjezera okamuthamangitsa. Anayi okhawo ankakwanira, enawo asanu ndi awiri atatseka njira zonse kumbuyo. Munthu amene tinazolowera kumuona akuzemba aliyense dzulo ankangozungulira ngati nkhuku yotsekeredwa m'khitchini. Akadandifunsa ine, mphotoyo ndikadapatsa Sweat. Saquon Barkley, wothamanga ndi mpira amene watinyamula chaka chonse, anamutseka ndithu, anangopeza mayadi 57, koma kumutsekako ndi kumene kunasiya mipata kwina.

Ngakhale pa 24 kwa 0 mtima sunakhazikike. Unakhala pansi m'chigawo chachitatu, Hurts ataponya mpira wautali wa mayadi 46 kwa DeVonta Smith n'kukhala 34 kwa 0. Achikulire aja anatembenukira kwa ine, maso ali ndi misozi, n'kunena kuti tsopano ndikhoza kukuwa. Zigoli za Chiefs zakumapetozo zinali zongopukutira manyazi, moti osewera anamuthira mphunzitsi wathu Nick Sirianni chakumwa m'mutu nthawi isanathe.

Kenako tinathamangira ku Broad Street. Kuzizira kunalipo koma palibe amene ankakumva. Anthu mbali zonse mpaka ku City Hall, makombola akuphulika m'mwamba, magalimoto akuliza mahutala, anthu osadziwana akukumbatirana. Wina akangoyamba kutchula zilembo za Eagles, msewu wonse umalandira. Chimene sichinandisangalatse ndi anyamata okwera mitengo ya magetsi. Masabata awiri apitawo, titagonjetsa timu ya Washington, mnyamata wa zaka 18 anagwa pamtengo wotere n'kumwalira, ndipo meya Cherelle Parker anachita kupempha kuti anthu asakwere. Anakwerabe. Ine ndinakoka mwana wa achikulire aja, yemwe anali atayamba kale kuyeza mtengo wina ndi maso, tinabwerera wapansi chifukwa basi inalibe podutsa.

Kuntchito lero theka la anthu lanena kuti likudwala. Akuti perete wa chikho adzachitika Lachisanu, ndipo ine ndili pa shifiti ya m'mawa. Ndayamba kale kusaka wosinthana naye, koma aliyense amene ndamuimbira akuti nayenso amafuna kundiimbira pa nkhani yomweyo.