Mafunso anga anathera m'chikwama ku Likhubula

Ndinanyamuka ku Zomba m'mamawa, chikwama chitadzaza mapepala a mafunso. Ife ophunzira za kakhalidwe ka anthu pa yunivesite timatumizidwa kumidzi kukazolowera kafukufuku, ndipo ine gawo langa linali Mulanje. Minibasi mpaka ku Limbe, ina kudutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo, kenaka njinga yamoto kuchokera pa Chitakale mpaka ku Likhubula, kumene thanthwe la Chambe, la pa phiri la Mulanje, laima njo ngati khoma.

Funso loyamba papepala linali lakuti, n'chifukwa chiyani anthu amadula mitengo m'nkhalango? Mayi wina wachikulire, amene ndinawapeza akumasula mtolo wa nkhuni, anandiyang'ana kanthawi. "Mwanawe, nsima imene wadya dzulo inapsa ndi chiyani?" Ndinapinda pepalalo, n'kuwapempha kuti mawa lake nditsagane nawo kuphiri.

Tinayamba kukwera kusanache. Amayiwa amatola nkhuni zouma, ndipo phirili amalidziwa ngati khonde la nyumba yawo: chigwa chimene chinapsa chaka chatha, kasupe amene wayamba kuphwa, njira imene odula matabwa amatsikira usiku. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira 1927, koma kumtunda ndinakaona zitsa zokhazokha za mkungudza, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali. Chitsa chakale ukachikanda chimanunkhirabe. Fungo limenelo linandiwawitsa mtima kuposa chilichonse chimene ndinawerenga m'kalasi.

Masiku otsalawo ndinkakhalira kunazale ya m'mudzi, kumene anthu amafesa mkungudza m'timachubu kuti mbande zikadzalidwe kuphiri. Ndinakhala nawonso pa misonkhano ya komiti yoona zachilengedwe, makomiti aja amene lamulo la nkhalango la 1997 linawavomereza. Apa ndinene zimene ndinaona: othirira mbande ambiri ndi amayi, koma ikafika nkhani ya ndalama amalankhula ndi abambo. Namondwe wa Freddy wa mu 2023 amatchulidwa pamsonkhano uliwonse, poti miyala ndi matope zimene zinatsika m'phirimo anthu anaziona ndi maso awo.

Tsiku lotsanzikana, mayi aja anandiikira chinanazi m'chikwama, pamwamba pa mapepala osalembedwa aja. "Ukakalemba kusukuluko, ukanene kuti amayamba kuona moto wolusa ndife."

Lipoti langa linayambira pa mawu amenewo.