Mulu wa zinyalala, chithunzithunzi cha munthu: kapangidwe ka ziboliboli zonyenga maso

Aliyense amene anakulira pa nyali ya koloboyi amadziwa kupanga kalulu pakhoma ndi dzanja. Mukayang'ana dzanjalo, kalulu palibe, pali zala zopindapinda basi. Kaluluyo ali pakhoma pokha, ndipo wina akangosuntha nyali, wathawa. Ziboliboli za chithunzithunzi zimene anthu amakaziona m'nyumba zoonetsera zaluso kunja kuno ndi masewera omwewa, kungoti m'malo mwa zala amaikapo zitini, mawaya ndi ziwiya zakutha.

Mu 1987 Shigeo Fukuda wa ku Japan anawotcherera pamodzi mafoloko, masupuni ndi mipeni yokwana 848. Kuuona muluwo uli ngati zitsulo zotolera kwa ogula zakale, koma nyali ikawala kuchokera pamalo ake, pansi pamagwa chithunzithunzi cha njinga yamoto, masipoko ndi zonse. Mu 1998 Tim Noble ndi Sue Webster a ku Britain anaunjika zinyalala za m'nyumba mwawo za miyezi 6, ndipo pakhoma panatuluka iwo eni atakhala motsamirana misana, wina ali ndi tambula, wina ndi fodya. Anthu akaona zithunzi za ntchito zimenezi amayamba kufunsa za zinyalalazo. Funso loyamba liyenera kukhala la nyali, chifukwa chiboliboli chotere chimamangidwa mozungulira kadontho kamodzi kamene kuwala kukuchokera, ndipo amene sanakhazikitse kadonthoko angovutika chabe.

Kuyeza kaye

Kuwala kumayenda mowongoka kuchoka pa nyali kukafika pakhoma. Chinthu chilichonse chimene chaima panjirayo chimakula pakhoma molingana ndi pamene chaima. Tengani mtunda wa nyali kufika pakhoma, muugawe ndi mtunda wa nyali kufika pa chinthucho; yankho ndi kukula kwa chithunzithunzi. Nyali ikhale mamita 3 kuchoka pakhoma. Chitini choikidwa pa mamita 1.5 chimakula kawiri. Choikidwa pa mamita 2 chimakula kamodzi ndi theka. Ndiye ngati mukufuna mutu wa munthu wotalika masentimita 90 pakhoma, mulu wanu ufunika kutalika masentimita 45 kumbali ya nyali ndi masentimita 60 kumbali ya khoma. Pakati pa malo awiriwa pali danga la theka la mita, ndipo m'dangali ndi mmene mumwaze zinthu zanu, zina kutsogolo, zina kumbuyo. Kumwazikanako ndi kumene kumabisa chithunzi kwa munthu woyang'ana muluwo chakumbali.

Ambiri amagwa pa kukula kwa nyali. Babu la m'nyumba ndi lalikulu pafupifupi masentimita 6, ndipo kuwala kumachoka paliponse pa babulo, kumanzere ndi kumanja komwe. Mbali iliyonse imaponya chithunzithunzi chakechake, ndiye m'mphepete mumatuwa, mzere osaoneka pamene wathera. Kutuwaku kumawerengekanso: kukula kwa nyali, kuchulukitsa ndi mtunda wa chinthu kufika pakhoma, kugawa ndi mtunda wa chinthu kufika pa nyali. Ndi babu lija, chinthu cha pa mamita 1.5 chimatuwa m'mphepete masentimita 6, cha pa mamita 2 masentimita 3. Pa mutu wa masentimita 90 mlomo umatuluka masentimita awiri kapena atatu okha, kotero babu limaumeza wonse, nkhope n'kukhala ngati dzungu. Tochi ya foni ili ndi kanyali kamodzi ka mamilimita ochepa. Pamalo omwewo kutuwa kwake sikupitirira mamilimita 3, ndipo ngakhale nsidze zimaoneka. Vuto la foni ndi loti pa mamita 3 kuwala kwake n'kofooka, chipinda chimafunika mdima weniweni. Yabwino ndi tochi yamphamvu ya kanyali kamodzi ka LED, mutachotsa galasi ndi kambale konyezimira kakutsogolo kuti kanyaliko kakhale poyera. Matochi otsika mtengo aja okhala ndi tinyali 9 kapena 12 musawayese n'komwe: kanyali kalikonse kamaponya chithunzithunzi chake, munthu wanu adzakhala ndi mphuno 12. Kandulo nayonso ndi yaing'ono bwino koma lawi limavina, ndiponso pafupi ndi mulu wa mapepala ndi mapulasitiki si malo ake.

Nyaliyo imangidwe, isagwiridwe m'manja. Ikhomereni pa chipika ndi lamba wa chubu cha njinga, chipikacho muchikhomere pansi kapena mulembe ngodya zake ndi penti. Chifukwa chake ndi ichi: nyali ikasuntha masentimita 2 kumanja, chithunzithunzi cha chinthu cha pa mamita 1.5 chimasuntha masentimita 2 kumanzere, pamene cha pa mamita 2 chimasuntha sentimita imodzi yokha. Sizisunthira pamodzi. Mphuno imalekana ndi chipumi, pakati pamang'ambika kuwala, ndipo ntchito ya masiku angapo yafa chifukwa cha phazi la munthu wodutsa.

Kumanga mulu

Pakhoma mumate pepala loyera lalikulu, kapena mugwiritse khoma lopaka laimu. Khazikani munthu chammbali pakati pa nyali ndi khoma, musunthe mpando wake mpaka mutu utafika kukula kumene mukufuna, kenako mutsate mzere wa chithunzithunzi chake ndi makala. Nkhope yoyang'ana kumbali ndiyo yoyambira, chifukwa munthu amadziwika ndi mzere umodzi wochoka pachipumi, kudutsa mphuno ndi milomo, kufika pachibwano. Nkhope yoyang'ana kutsogolo imangokhala chibulunga chakuda cha makutu awiri.

Phata likhale thabwa la masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi ndi 2 kukhuthala, litali lake litalunjika kuchoka ku nyali kupita kukhoma. Boolani mabowo anayi kapena asanu mosatsata mzere, mulowetsemo timitengo tolimba kapena waya wokhuthala wa mamilimita 4, ndiyo mafupa a chibolibolicho. Thabwalo nalo likhomeredwe patebulo, tebulo lilembedwe miyendo yake pansi.

Yambani ndi zapakati. Zitini zikuluzikulu, nsapato yakutha, chipewa, poto wobooka: izi zitseke mkati mwa mzere popanda kuukhudza, musiye danga la masentimita ngati 5 kuzungulira. Ntchitoyi imagwiridwa nyali ili chiyakire, maso ali pakhoma, osati m'manja. Poyamba zimasokoneza, dzanja limapita kwina chithunzithunzi kwina, koma zimazolowereka msanga. Chilichonse chimangidwe ndi waya wofewa wa milimita imodzi, m'malo awiri osati amodzi, kuti chisazungulire.

Mzere wa nkhope ndi umene umadya nthawi. Zinthu zimene zipange milomo, nsonga ya mphuno ndi nsidze zikhale kumbali ya khoma, kumene kukula ndi kochepa ndiponso m'mphepete ndi mwakuthwa. Mukalakwitsa mamilimita 2 kumeneko, pakhoma pamalakwika 3 okha. Tsitsi ndi mapewa zitha kukhala kumbali ya nyali, kutuwa pang'ono kumazikomera. Pano pali chiyeso chimene chimagwetsa ambiri: kudula katoni ngati mphuno n'kuibisa mumulu. Zimagwira, koma woonerera akaipeza katoniyo matsenga onse atha, ndipo amaipeza ndithu. Mphuno yabwino imachokera ku zinthu zitatu kapena zinayi zotalikirana: msana wake ndi chogwirira cha supuni, nsonga ndi chivindikiro cha botolo chimene chili masentimita 20 kumbuyo, pansi pake ndi ngodya ya bokosi la machesi. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikufanana ndi mphuno pachokha. Ngati mpofunika kusema, semani pang'ono ndi lumo pa chinthu chimene chinali chong'ambika kale.

Nzeru ina imene imathandiza kubisa: chinthu chachitali cholunjika ku nyali chimaponya kadontho kokha. Mpini wa tsache utagona motsata njira ya kuwala umaoneka pakhoma ngati kandalama, koma kwa munthu woima pambali ndi chimtengo chotuluka mumulu chimene chimasokoneza maonekedwe onse. Ndiponso chilichonse chimene chili mumdima wa zinzake ndi chaulere, sichisintha kanthu pakhoma. Mungadzaze mmenemo zinthu zamitundu yowala kuti diso litanganidwe nazo.

Zimene zimavuta zimadziwika. Mabotolo apulasitiki oonekera mkati amadutsitsa kuwala, ena amakusonkhanitsa ngati galasi n'kuika banga lowala pakati pa tsaya; athireni mchenga wouma kapena muwapake penti mkati. Zitini zonyezimira zimabwezera kuwala pa zinzake ndi pakhoma, mdima n'kuchepa mphamvu. Mbali yoyang'ana kukhoma ipakidwe penti yakuda yosawala. Timipata tating'ono pakati pa zinthu timaoneka ngati nyenyezi pankhope, ndipo njira yotipezera ndi kuyendetsa chala mumulu mpaka kanyenyeziko katazima, pamenepo mutseke ndi kansalu. Guluu wotentha amagwira msanga, koma m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala amafewa, chinthu cholemera chimayamba kuwerama pang'onopang'ono, ndipo pakatha milungu chibwano chatsika. Guluu akhale wothandizira waya, asalowe m'malo mwake. Katoni ndi mapepala zimamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kupindika. Zitini za nsomba ndi mkaka zitsukidwe ndi sopo ziume, apo ayi nyerere ndi mphemvu zisamukiramo. Milomo ya zitini ipindidwe ndi pulaya musanayambe, chifukwa mukugwira ntchito mumdima, maso ali kwina.

Ena amafunsa za dzuwa. Limaponya mzere wabwino ndithu, kutuwa kwake ndi pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse ya mtunda, ndipo silikulitsa chinthu chifukwa lili kutali kwambiri. Koma limayenda madigiri 15 pa ola, ndiye chithunzithunzi cha chinthu chimene chili mita imodzi kuchoka pakhoma chimayenda pafupifupi mamilimita 4 pa mphindi. Nkhope imaoneka mphindi zochepa patsiku, ndipo nyengo ikasintha dzuwa ladzera njira ina.

Diso m'malo mwa nyali

Zimitsani tochi, muike kamera ya foni pamalo enieni pamene panali kanyali. Muona mutu womwe uja, tsopano osati pakhoma koma mumulu mwenimwenimo. Njira zimene kuwala kumatulukira ndi zomwezo zimene kumalowera m'diso. Ojambula anazindikira izi kalekale: pa chithunzi chojambulidwa ndi Hans Holbein mu 1533 chimene chili ku National Gallery ku London pali chinthu chotuwa chotambalala pansi, chimene chimasanduka chibade cha munthu mukaima chakumbali. Masiku ano Bernard Pras wa ku France amayala zovala, zidole ndi ziwiya chipinda chonse kuti zipange nkhope pa diso la kamera, ndipo Michael Murphy wa ku America mu 2015 anapachika timipira tamatabwa 1,252 timene timasanduka diso limodzi lalikulu ukaima pamalo ake.

Kuyesa njira ya Murphy sikufuna zambiri. Khomani waya wa khola la nkhuku pa felemu ya mita imodzi mbali zonse, muipachike kudenga mogona. Pakhoma lakumbuyo mumate chojambula cha madontho, 80 kapena 100 poyambira. Pa mamita 3 imikani mtengo wokhala ndi mphete ya waya pa msinkhu wa diso. Mangani ulusi pamphetepo, muukoke kufika pa dontho limodzi pakhoma. Paliponse pa ulusi wokokawo pamene pali pansi pa felemu, chivindikiro cha botolo chingapachikidwe ndipo chidzaphimba dontho lomwelo. Sankhani malo, pachikani, pitani pa dontho lina. Zivindikiro zonse ndi zofanana kukula, koma zakutali zimaoneka zazing'ono, ndiye mbali zofunika kuda muziike pafupi, zofunika kupepuka muziike kutali. Twayini wa nayiloni amatamuka akalemedwa, choncho mupachike zonse, mudikire masiku awiri, kenako mukonzenso msinkhu. Chivindikiro cha pa ulusi umodzi chimazungulira n'kuonetsa m'mbali mwake. Mikanda kapena mabulo okulungidwa ndi waya alibe vuto limeneli chifukwa ndi obulungira. Zenera likhale lotseka kuti mphepo isazigwedeze.

Chovuta chachikulu apa ndi chakuti munthu ali ndi maso awiri otalikirana masentimita ngati 6.5, ofanana ndi kukula kwa babu lija, ndipo amachita zomwe babu limachita: diso lililonse limaona dongosolo lake. N'chifukwa chake ziboliboli zimenezi zimaoneka bwino pa foni kuposa pamaso. M'chipinda chaching'ono ikani katoni ya kabowo ka sentimita imodzi pa mphete ija kuti munthu asuzumire ndi diso limodzi. Njira ina ndi mtunda. Kufupi ndi tauni ya Howick ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, pamalo pamene Nelson Mandela anagwidwa pa 5 Ogasiti 1962, pali mizati yachitsulo 50 imene Marco Cianfanelli anaimika mu 2012, ina yotalika kupitirira mamita 9. Mukaima pafupi, imangooneka ngati nkhalango ya zitsulo zosongoka. Nkhope ya Mandela imalumikizana munthu akafika pa mamita 35, ndipo pa mtunda wotero kusiyana kwa maso awiri kumachepa kwambiri moti palibe amene amafunika kutsinzina. Njira yoyendamo alendo inakonzedwa kuti iwatsogolere molunjika pamalo amenewo. Kunyumba, mapazi awiri ojambulidwa pansi ndi penti amagwira ntchito yomweyo, bola mukumbukire kuti mwana wa zaka 8 diso lake lili m'munsi kuposa la wamkulu, ndiye pafunika kampando kokwerapo pambali.