Zikomo nonse, makamaka bambo a boti a ku Tawakoni

Abale, bambo a ana anga akwera boti dzulo, ndipo awedza. Ndikulemba msana ukuwawa, nkhope yapsa ndi dzuwa, m'nyumba monse muli fungo la nsomba, koma sindingagone ndisanathokoze. Inu amene munawaona kuchipatala chaka chatha sitiroko itawagwetsa, kukamwa kutapotoka, dzanja lamanja lili lende, mukudziwa chimene ndikunena. Ambuye alemekezeke.

Za mafizo (zolimbitsa thupi za kuchipatala) ndi mabilu sindibwerezanso, munali nafe. Chimene ambiri simunkadziwa n'chakuti chiyambireni kulankhula bwino, nkhani yawo inali ya madzi basi. Munthu wa ku Nkhotakota, wokulira m'bwato, tinamukhazika pampando kuno ku Dallas n'kumamuuza kuti azifinya kampira. Ankafinya ndithu, koma mtima uli kunyanja. Ana ndi amene anasaka pa intaneti anthu otenga mabanja kokawedza ku Lake Tawakoni, nyanja yochita kutchinga pa mtsinje wa Sabine mu 1960, ulendo wa ola ndi kanthu kum'mawa kwa Dallas. Ena titawafotokozera za matendawa anayamba kuzengereza. Sindikuwada. Koma bambo a boti amene ndikuwathokozawa anangofunsa kuti dzanja lamphamvu ndi liti, kenako n'kutiuza kuti tifike kusanache.

Anatero chifukwa mu July kuno kumatentha mpaka madigiri 38, ndipo nsomba za white bass, zimene eni dera amati sand bass, zimakonda kudyera pamwamba m'mamawa. Tinapeza atamangirira kale mpando wotsamira pakati pa boti. Chogwirira chopukusira chingwe anali atachikulunga ndi tepi mpaka chinanenepa, kuti zala zofooka zija zichigwire. Palibe anawauza zimenezo. Pokwera sanawanyamule amuna anga, anangopereka phewa n'kudikira mpaka mwendo wachiwiri utalowa wokha. Ine ndinayang'ana kumbali, misozi inali itayamba.

Wamng'ono wathu ananyinyirika ndi jekete yoyandamitsa, koma bambowo anamuuza mosanyengerera kuti ku Texas mwana wosakwana zaka 13 savula jeketeyo boti likamayenda. Ziphaso zowedzera tinagula awiri akuluakulufe, ana osakwana zaka 17 safunika kukhala nazo.

Boti lawo lili ndi kakompyuta koonetsa nsomba pansi pa madzi, koma iwo maso anali pa mbalame. Pomwe mbalame zinkagwera m'madzi, ife komweko. Tinangoona madzi ayamba kuwira: gulu la white bass likuthamangitsira pamwamba tinsomba totchedwa shad, tonga usipa wa kwathu, tikudumpha balalabalala. Ana anaponya n'kuyamba kukoka, kukuwa ngati apenga. Ya bambo awo inadya nyambo, ndodo inapindika, koma dzanja linachedwa ndipo nsomba inapulumuka. Anangoti zii. Ine chete ameneyo ndimamudziwa, ndakhala naye m'nyumba miyezi yonseyi.

Apa m'pamene ndikuwathokozera kwambiri bambo aja. Munthu wina akanalanda ndodo, kukola nsomba, n'kuwapatsa kuti ajambulitse. Iwo sanaikhudze n'komwe. Anayamba kuwafunsa za Nyanja ya Malawi, za mwera, za mmene amawedzera kampango, amuna anga n'kumayankha pang'onopang'ono, mawu akukokeka, iwo osawadula.

Dzuwa litakwera nsomba zinatsikira pansi, ndipo tinapita pamalo pomwe pansi pa nyanja pali kachitunda. Pamenepo kuponya patali sikufunika. Umangomasula kachitsulo kolemera konyezimira kotchedwa slab mpaka kagunde pansi, n'kumakakweza pang'ono, kukasiya kagwe. Nsomba imakakhwithula kakamagwa. Bambowo ankagogodanso pansi pa boti ndi ndodo, ati phokosolo limaitana nsomba. Ine ndinkayesa nthabwala. Kenako ndinazindikira kuti malowa anasungira amuna anga, chifukwa kawedzedwe kameneka dzanja lofooka limakakwanitsa. Posakhalitsa ndodo inapindikanso. Anapukusa ndi dzanja lamanja lomwe lija, likunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpaka nsomba yoyera ya mizere m'mbali inatulukira. Anaikweza okha. Mwana wathu wamkazi anagwada m'botimo n'kuyamba kupemphera mokweza, bambo a boti anavula chipewa.

Lamulo limalola nsomba 25 pa munthu patsiku, ndipo yosakwana mainchesi 10 imabwerera m'madzi. Malirewo sitinawafike. Wamng'ono analira yake itabwezedwa, mpaka pano akuti anamubera.

Kumtunda kunali nthabwala ina. Bambowo anatulutsa mpeni wamagetsi n'kuyamba kusenga mnofu wokhawokha, mitu ikupita m'chidebe. Amuna anga anakuwa kuti ayi, mawu omveka bwino kuposa onse amene ndawamva chiyambireni kudwala. Zotsalazo tinangozipala ndi kuzitumbula, mitu ili pompo. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola, koma anatithandiza kupala.

Amayi a kutchalitchi amene munkasiya mapoto pakhomo osagogoda n'komwe, zikomo. Alamu, mwatopa ndi msewu wa ku mafizo osapempha ya mafuta, Mulungu akubwezereni. Anzanga a kuntchito amene munkasinthana nane mashifiti a usiku, ndilibe mawu. Amayi kumudzi, maondo anu agwira ntchito. Ena munkati mubwera Loweruka, Loweruka lake silinafikebe, koma ndaona ndinu oyamba kuyika mitima pa zithunzi za dzulo. Palibe kanthu, Mulungu ndi amene amaona.

Koma bambo a boti aja, sitili pachibale, satidziwa, Chichewa samva, ndipo nthawi imene tinalipira itatha anapitiriza osawonjezera ndalama chifukwa amuna anga anali asanakhutire. Ambuye, muwasungire boti lawolo, muwadalitsire ana awo, matenda ngati awa asadzalowe m'nyumba mwawo.

Loweruka likubwerali tikazinga nsombazi kunyumba kuno, nsima ilipo. Bwerani ndi mipando yanu, yathu ndi yochepa. Mitu musaiyembekezere, eni ake aiwerenga kale.