Sabata ya Opaleshoni ku Chennai

Ndine namwino, ndipo mu Disembala ndinaperekeza amayi ena achikulire a ku Phalombe kukachitidwa opaleshoni ya mtima ku Chennai, m'chigawo cha Tamil Nadu ku India. Mankhwala ndi jakisoni ndi za anamwino a komweko. Zanga zinali kumasulira, kusunga mafayilo, kuonetsetsa kuti wodwala wadya, komanso kuyankha achibale amene amaimba foni madzulo ataiwala kuti India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka.

Lolemba ndi Lachiwiri zinatha ndi kuyeza magazi, kujambula mtima ndi kusayina mapepala. Chimene chinandisowetsa tulo chinali chakudya. Amayi aja ankangoyang'ana mbale n'kuikankhira kumbali. "Anesi, tsabola wakeyu ndi woti andiphe mtima usanandiphe," anatero. Munthu wopita ku tebulo la opaleshoni sayenera kufooka, ndiye ndinadandaulira namwino wina wachitamil wa mu wodi yathu. Iye anabweretsa idli, timikate toyera tophika ndi nthunzi, ta mpunga ndi nyemba zopera, topanda tsabola n'komwe. Pambali panali msuzi wotchedwa sambar, umene anapempha kukhitchini kuti auchepetse ukali. Nditalawa ndinazindikira nandolo, bwemba ndi zitheba za chamwamba.

Nditawauza, amayi anadzuka n'kukhala tsonga. Moyo wawo wonse akhala akulima nandolo ndi kugulitsa kwa mavenda, akumva kuti amapita kwa amwenye. "Ndiye kuno ndi kumene amathera?" Anadya mbale yonse, uku akundifotokozera mitengo ya chaka chatha.

Lachitatu analowa ku fiyeta, ndipo zinayenda bwino.

Lachinayi amayi ali ku ICU, chipinda cha odwala ofunika chisamaliro chapadera, kumene woperekeza amaloledwa mphindi zochepa chabe, ndinatuluka m'bandakucha pa nyumba imene ndinkagona. Mayi wosesa pamalopo anali atawaza kale madzi pakhomo. Anatapa ufa wa mpunga, nadontheza timadontho m'mizere, kenako n'kumazunguliza mzere umodzi pakati pa timadonthoto, ufa ukutsetsereka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Sanafufute paliponse, sanaime kuti aganize. Chojambulachi amachitcha kolam, ndipo khomo lililonse mumsewumo linali ndi chake. Unali mwezi wawo wa Margazhi, woyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, pamene amazijambula zikuluzikulu kuposa masiku onse. Ufawo amati ndi chakudya cha nyerere ndi mbalame. Pofika masana anthu ndi njinga zamoto zimakhala zitapondaponda, ndipo mawa lake ayambanso. Zinandikhudza kuti luso lotere lili m'manja mwa munthu amene tsiku lonse amagwira tsache ndi chikolopa, ndipo palibe amamulipira pa chimenecho. Anaphunzira kwa amayi ake, monga momwe ife tinaphunzirira kuzira pakhonde.

Lachisanu madzulo namwino uja ananditengera kokamvera nyimbo. Disembala ndi nyengo ya nyimbo za Carnatic, zachikhalidwe za kum'mwera kwa India, mumzindawu, ndipo maholo ambiri amakhala ndi zoimba kuyambira m'mawa, kuphatikiza Madras Music Academy imene inayamba mu 1928. Ife tinapita ku holo yaing'ono ku Mylapore, dera lina la mumzindawu. Woimba anakhala pansi atapinda miyendo, woliza vayolini mbali ina, wa ng'oma ya mridangam mbali inayo. Ine maso anga anali pa omvera. Agogo ovala sari za silika, maluwa oyera m'tsitsi, ankamenya ntchafu ndi chikhatho, kutembenuza dzanja, kuwerenga ndi zala, onse pamodzi osaphonya. Wang'oma atapatsidwa mpata woimba yekha, holo yonse inkawerenga naye. Anthuwa nyimbo zawo amazidziwa mpaka m'kati, ndipo woimba sangawanamize.

Loweruka amayi anabwerera ku wodi. Wophunzitsa mafizo anawagwira mkono, nayenda nawo mpaka kumapeto kwa khonde atakumbatira pilo pachifuwa kuti bala lisapweteke akatsokomola. Dokotala anati kalata yowalola kukwera ndege adzalemba akaona kuti bala lauma, choncho madzulo onse ndinali pa foni kusinthitsa matikiti ndi kuuza ana awo kuti asadere nkhawa.