Nkhuku zosadziwa kupalasa

Lamulungu usiku, ku Leicester.

Ndinadzuka kusanayere bwino, n'kuvala chijasi pamwamba pa zovala zogonera, ulendo kuseri kukatsegula khola. Kwathu ku Ntcheu ukangochotsa chitseko m'mawa, nkhuku zimatuluka mopondana. Izi ayi. Zonse zinayi zinaunjikana pakona imodzi, makosi atatalika, zikuyang'ana khomo lotsegula koma popanda yosuntha. Ndinaima pamenepo mpaka zala kuchita dzanzi ndi chisanu, kenako ndinabwerera m'nyumba kukatereka tiyi. Amene anatipatsa nkhukuzi anatiuza dzulo kuti tisazikakamize, zituluka zokha.

Tinakazitenga dzulo masana kwa a British Hen Welfare Trust, bungwe limene mayi Jane Howorth anayambitsa ku Devon mu 2005. Iwo amagwirizana ndi alimi a mazira kuti nkhuku zikakwana masabata 72, nthawi imene mlimi amaona kuti mazira ayamba kuchepa pomwe chakudya chikupitabe, zina zisapite kokaphedwa koma zilowe m'makomo mwa anthu. Umalembetsa pa intaneti, kupereka kangachepe, tsiku lake likakwana n'kupita ndi makatoni obowola kuti mpweya uzilowa. Tinapeza mzere wa magalimoto pafamu ina kunja kwa tauni, anthu ongodzipereka akuyenda uku ndi uku nkhuku zili kukhwapa. Mu 2024 bungweli linakwanitsa nkhuku miliyoni imodzi zopezeredwa pokhala, ndipo yotsekera nambalayo inapita kwa mfumu Charles kunyumba kwake ku Highgrove. Zathuzi zagwera pakabwalo koti magalimoto awiri sangakwanepo.

Kutayera ndinabwereranso ndi chakudya, ndiye ndinaziona bwinobwino. Makosi ndi opanda nthenga, khungu lili poyera, chifukwa chotulutsa mutu pakati pa mawaya tsiku ndi tsiku pofuna kudya. Michira yatsala timitengo ta nthenga tokhatokha. Chinyama cha pamutu chija, chimene pa nkhuku yathanzi chimakhala chofiira ndi choimirira, pa izi n'chotuwa, chachikulu, chagwera mbali imodzi mpaka kuphimba diso. M'nyumba zimene zimakhalamo mumatentha, ndiye chinyamacho chimakula kuti thupi lizitaya kutentha, ndipo akuti pakapita masabata angapo zili panja chimabwerera n'kufiira. Zikhadabo ndi zazitali, zopindika, poti sizinapalasepo dothi. Milomo anaidula nsonga zili anapiye kuti zisamavulazane. Imodzi ndiye msana wonse mbee, ndipo mwana wanga waitcha kale Nadazi. Ndamuletsa koma dzina lagwira.

Anthu ambiri kuno amaganiza kuti makola a mawaya anatha. Amene analetsedwa pa 1 Januwale 2012 ndi akale aja, momwe nkhuku imodzi inkapatsidwa masikweya sentimita 550, malo osakwana pepala limodzi la A4. Amene analowa m'malo mwake amapatsa nkhuku iliyonse 750, muli kamtanda kokhalapo ndi kakona koikira mazira, ndipo mumakhala nkhuku makumi angapo pamodzi. Ndi makola a mawaya ndithu, angokulako. Ukagula mazira m'sitolo, nambala yoyamba yodindidwa pachigoba imakuuza kumene achokera: 3 ndi a m'makola amenewa, 2 ndi a nkhuku zoyenda pansi m'nyumba yotseka, 1 ndi a zotuluka panja, 0 ndi a organic, kutanthauza a zotuluka panja zodya chakudya cholimidwa mwachilengedwe. Ine kale ndinkangoyang'ana mtengo basi.

Chakudya ndinazipatsa chaufa chija cha nkhuku zoikira, chimene zinazolowera kufamu, pafupifupi magalamu 120 pa nkhuku iliyonse pa tsiku. Ndinaika m'mbale zitatu motalikirana kuti yamphamvu isatsekereze zinzake. Chakudya zinachidziwa msanga. Madzi ndiwo anavuta. Kufamu zimamwa pojompha kachitsulo kodontha, ndiye madzi a m'beseni zinkangowalambalala. Ndinakhala chogwada ndikugwedeza madziwo ndi chala kuti aziphethira, mpaka imodzi inajompha chala changa, mlomo n'kunyowa, n'kukweza mutu kumeza. Zinzake zinaonera pompo.

Cha m'ma 9 koloko yoyamba inatuluka. Inaponda udzu ndi phazi limodzi, n'kulikweza msanga, n'kuima ndi mwendo umodzi kwa kanthawi ikuyang'ana pansi ndi diso limodzi. Kenako inayenda mokweza mapazi kwambiri, pang'onopang'ono, mpaka pampanda. Ndege itadutsa m'mwamba inagwa chafufumimba, osasunthanso. Miyendo yawo ndi yofooka, ndipo mafupa sachedwa kuthyoka, chifukwa nkhuku yoikira mazira pafupifupi 300 pa chaka imatenga kashiamu m'mafupa ake omwe kuti ipange zigoba. Chigoba chimodzi chimadya magalamu awiri a kashiamu. N'chifukwa chake mtanda wogonapo abambo ake a mwana wanga anautsitsa dzulo kufika pafupi ndi pansi, kuti zisadumphe patali, ndipo poinyamula umagwira thupi lonse, mapiko utawapanikiza, osati kuilendeweretsa ndi miyendo monga timachitira pamsika.

Titachoka ku tchalitchi ndinaimbira amayi pa WhatsApp kuti azione. Anayang'anitsitsa, n'kufunsa:

"Iwe, zimenezi zadwala chitopa?"

Ndinati ayi amayi, zangotopa ndi kuikira.

"Ndiye wagula za ndiwo?"

Nditawauza kuti n'zoweta, anaseka mpaka foni kugwedera, n'kuitana alamu anga kuti adzaone zimene mwana wawo akuchita ku Ulaya. Sindiwadabwa. Kwathu nkhuku zoikira zikatha ntchito zimatsika mtengo, mavenda n'kumazizungulira nazo panjinga, ndipo aliyense amadziwa kuti nyama yake ndi yolimba, yofuna moto wautali, koma msuzi wake ndi wabwino. Palibe amene amaziona ngati zofunika kupuma. Ndiye amayi anayamba kulangiza: uzipatse mkute, uwaze madeya onyowetsa, makoko a m'poto usataye, zinenepa msanga.

Apa ndiye panali nkhani. Kuno lamulo limaletsa kupatsa nkhuku chakudya chilichonse chimene chadutsa kukhitchini kwa anthu odya nyama, ngakhale masamba a kabichi amene wadulira pathabwa lako. Zinayamba ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a mu 2001, amene anawapeza kuti anachokera pafamu ya nkhumba ku Northumberland komwe zinkadya zotsala zosaphika bwino, ndipo ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa. Amayi matendawa amawadziwa, amawamva pawailesi akabuka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma zoti nsima ya dzulo ingakhale mlandu sanazimvetse. Ndinawonjezera kuti kuyambira pa 1 Okutobala 2024 aliyense woweta nkhuku ku England, ngakhale imodzi yokha, ayenera kulembetsa ku boma chifukwa cha chimfine cha mbalame, ndipo matendawa akavuta amalamula kuti zonse zitsekeredwe m'khola. Anangoti, "Nkhuku kukhala ndi kalembera ngati munthu wovota." Ine lamulo la kalembera ndilibe nalo vuto, poti ndinaona chitopa chikusesa mudzi wonse mwezi umodzi, popanda wochenjeza mnzake. La mkute ndiye ndimalitsata mokhumata.

Koma mawu amodzi a amayi ndinawagwira. Anati nkhuku yopanda posamba fumbi imadzadza utitiri, ndipo ndisakaiwale phulusa. Agogo a nyumba yoyandikana nafe ali ndi mbaula ya nkhuni, ndiye ndinapita kukapempha phulusa. Anandipatsa chidebe chodzadza, n'kubwera okha kudzasuzumira pampanda. Ndinasakaniza phulusalo ndi dothi louma ndi mchenga m'tayala lakale, n'kuliika pansi pa denga pomwe mvula siifika.

Kwa nthawi yaitali palibe inalabadira. Kenako cha m'ma 2 koloko dzuwa linatulukira pang'ono, ndipo Nadazi, yemwe m'mawa monse anabisala kuseri kwa zinzake, anakwera patayalapo. Anajompha dothilo kawiri katatu. Anakanda ndi phazi limodzi, mosadziwa bwino, mpaka kutsala pang'ono kugwa chifukwa cha zikhadabo zija. Anakandanso ndi linalo. Kenaka anakhala pansi, n'kuyamba kukokera dothi pachifuwa ndi mlomo, n'kugwedeza mapiko opanda nthengawo kuti fumbi likwere pamsana. Anagona cham'mbali, mwendo umodzi atautambasula, diso litatsinzina, khosi likukhuzika m'phulusa. Mwana wanga anakuwa kuti, "Amami, yafa!" Ndinamugwira dzanja kuti asathamangireko. Nkhuku imeneyi inaswedwa m'makina, sinaone make, ndipo pa chaka ndi theka cha moyo wake sinapondepo dothi, koma zonse inachita mwa ndondomeko yake, chimodzimodzi thadzi la kumudzi kuseri kwa nkhokwe. Itadzuka inadzikutumula, fumbi kobo, n'kuyenda ili yotuwa ngati yachokera kuchigayo. Agogo aja anali akupukuta maso ndi mpango. Ine ndinkaganiza za amayi, kuti akanaona akanati nanga chodabwitsa n'chiyani, si nkhuku?

Chisoni chimene zimakumvetsa m'mawa chimachepa ukaona mmene zimachitirana. Zinayizi sizikudziwana, mwina zinachokera m'makola osiyana, ndiye ziyenera kupeza wamkulu. Ya nthenga zambiri ija yadziika kale pampando. Imaima pambale osadya, kungodikira kuti ina iyandikire, n'kuijompha pamutu. Madzulo inagwira Nadazi pachinyama cha pamutu mpaka kadontho ka magazi. Magazi ndiwo oopsa, chifukwa nkhuku zikaona chofiira zimajompha pomwepo osaleka. Ndinamunyamula, kumutsuka ndi madzi a mchere ofunda, n'kupopera mankhwala apepo aja obisa bala. Zina zonse ndinazipaka Vaseline pamutu kuti mlomo uziterereka. Pomunyamula ndinamva fupa la pachifuwa lili lakuthwa m'dzanja langa, mnofu wochepa mbali zonse ziwiri, koma chithokomiro chinali chodzadza, ndiye kudya akudya. Abambo ake amafuna kuti yovutayo tiitsekere payokha. Ndinakana. Bola magazi asatulukenso, zisiyeni zikambirane, pakatha sabata kapena awiri zikhala zitamvana. Ukazilekanitsa ndewu imadzayambanso pachiyambi tsiku lozibweza.

Mnzanga wina wa kuntchito wanditumizira zithunzi za nkhuku zovala majuzi oluka, ati andilukire anayi. Ndamuthokoza koma ndakana. Juzi limakhuza nthenga zimene zikumera, limanyowa ndi mvula, ndiponso nkhuku imalephera kudzikonza. Chimene zikufuna ndi khola louma losalowa mphepo, utuchi wokwanira pansi, ndi chakudya chabwino. Nthenga zimera zokha.

Mazira lero atuluka awiri, ndipo palibe loikiridwa m'bokosi limene abambo ake anakhoma ndi luso lawo lonse. Limodzi ndinalipeza pakati pa udzu, pomwe mwini wake analigwetsa akuyenda, osatetera n'komwe. Lina linali pafupi ndi beseni la madzi, lopanda chigoba, kachikopa kokha, ukaligwira limabonyoka. Zimachitika nkhuku ikasokonezeka ndi ulendo. Ndaika zigoba za nkhono za m'nyanja zoperapera m'kambale kapadera, pamodzi ndi timiyala tothandiza nthutumba kugaya, poti tsopano ziyamba kudya udzu. M'bokosi muja ndaikamo mpira wa gofu kuti zione poikira. Agogo anga ankasiya dzira limodzi pachisa pa chifukwa chomwecho. Lathunthu lija mwana wadya lokazinga, ndipo akuti likukoma kuposa a m'sitolo, ngakhale kuti nkhuku yake ndi yomweyo imene inkaikira a m'sitolowo mpaka Lachisanu.

Kutayamba kuda, cha m'ma 6 koloko, vuto la m'mawa linatembenuka. Tsopano sizimadziwa kulowa. Kufamu magetsi amayaka maola pafupifupi 16 kenako n'kuzimitsidwa, ndiye zoti dzuwa likapendeka nkhuku imalondola kwawo sizinaphunzire. Zitatu zinangokhala pansi pomwe mdima unazipeza, ina pansi pa mpando wa pabwalo. Tinazitola imodziimodzi ndi tochi, n'kuziika m'khola. Usiku nkhuku imafatsa, umainyamula popanda phokoso. Agogo oyandikana nafe aja anachenjeza kuti nkhandwe ya m'dera lino imadutsa pampanda wawo usiku uliwonse, nthawi zina ngakhale masana, ndipo imakumba pansi pa waya. Kwathu tinkaopa likongwe ndi kabawi, kuno mdani amayenda pakati pa nyumba za anthu n'kumagwetsa mabini. Abambo ake ayala waya pansi kuzungulira khola lonse n'kutsindira ndi njerwa, ndipo pachitseko aikapo loko weniweni m'malo mwa kamtengo kopingira.

Tikudya nsima anayambitsa nkhani imene ndimadziwa kuti ibwera.

"Amayi ake, nanga zikadzasiyiratu kuikira?"

Ndinati a bungwe aja amazipereka kuti zikakhale zoweta pakhomo, osati za mpeni, ndipo ife tinavomera.

"Ndiye tizigula chakudya cha nkhuku yosaikira, nkhuku ya ndiwo n'kumakagulanso ku sitolo?"

Sanalakwe masamu. Nkhuku zotere zambiri zimakhala chaka chimodzi kapena zingapo, ndipo zina zimadwala matenda a m'njira ya mazira ofuna dokotala wa ziweto, amene kuno satchipa. Ine ndinakulira pakhomo pomwe mlendo akabwera nkhuku imagwidwa, ndipo mpaka pano nkhuku ndimadya. Koma imene ndaitsuka bala ndi manja anga sindingaiikenso m'poto. Mwana anamva zonse, n'kuika mbamu pansi, n'kunena kuti wokhudza Nadazi adzamuneneza kwa aphunzitsi. Abambo ake anangoti tidzakambirana, n'kupempha kuti ndiwapatsire ndiwo.

Mawa ndikulowa ntchito 7 koloko, kusanayere, ndiye kotsegula khola ndi kwa abambo ake. Ndawalembera papepala n'kumata pafiriji: mbale zitatu motalikirana, ayang'ane bala la Nadazi, ndipo mkute wa lero adye okha.