Vesi 47 ija yandilowa tsopano

Usiku wa dzulo ndinatseka kope mtima uli m'malo, koyamba chiyambire gawo la utsogoleri mu kosi yathu ya kayendetsedwe ka mapulojekiti. Mu gawoli tinawerengako Bhagavad Gita, buku loyera la Ahindu, momwe mulungu Krishna akulangiza msilikali Arjuna amene akukana kumenya nkhondo pabwalo la Kurukshetra. Chomwe chakhala chikundizunguza mutu ndi vesi imodzi ya mu Bhagavad Gita, mutu 2 vesi 47, pomwe Krishna akuuza Arjuna kuti gawo lake ndi kugwira ntchito, zipatso za ntchitoyo asazitenge ngati zake.

Kwa masabata atatu mawu amenewa ankandipsetsa mtima. Ntchito yathu yonse imayezedwa ndi zipatso zomwezo: mijigo ingati yakumbidwa, pa ndalama zingati, pofika tsiku liti. Opereka thandizo safunsa ngati mtima wako unali woyera pamene unkagwira ntchito. Ndiye munthu angatsogolere bwanji anzake pomwe iye mwini wasiya kuganiza za zotsatira? Ndinkaona ngati ndi chiphunzitso cha anthu osinkhasinkha m'mapanga a ku Himalaya, osati cha ife okhalira bajeti ndi Gantt chart, tchati chosonyeza nthawi ya ntchito iliyonse.

Vuto linali loti ndinkawerenga theka la vesiyo. Kumapeto kwake Krishna akuchenjezanso kuti usakondwe ndi kukhala manja lende. Khomo limodzi lokha silo akutseka, akutseka awiri: kugwira ntchito ndi dyera la zipatso, ndi kuthawa ntchito poti zipatso si zako. Kenako ndinapitirira mpaka mutu womaliza, mutu 18, umene sunali n'komwe pa zoti tiwerenge. Vesi 14 ikunena kuti ntchito iliyonse imatheka ndi zinthu zisanu: pomwe ntchitoyo yakhazikika, wochitayo, zida zake zosiyanasiyana, khama la mitundumitundu, ndipo chachisanu ndi daiva, zija zochokera kumwamba zomwe munthu sangazilamule. Wochita ndi chimodzi chabe mwa zisanu. Apa m'pamene ndinaika cholembera pansi.

Ndinakumbukira chaka chatha. Ndinkayang'anira ntchito yokumba mijigo m'midzi ina ya m'chigawo chapakati. Makina okumbira anawonongeka, mafuta a dizilo ankavuta kupeza, ndipo Novembala anali pafupi, nthawi yomwe misewu ya kumeneko imasanduka matope okhaokha. Ndinkadziwa bwinobwino kuti tatsalira. Koma lipoti lililonse lomwe ndinkatumiza kwa abwana linkanena kuti zonse zili m'chimake. Sindinabe ndalama, sindinachite ulesi. Chomwe chinachitika n'choti dzina langa ndinali nditalimangirira ku chiwerengero cha mijigo, moti kulemba kuti tatsalira kunali ngati kulemba kuti ine ndine wolephera. Ndikanalankhula msanga akanatha kupeza kontilakitala wachiwiri mvula isanayambe. Ndinakhala chete mpaka inagwa, ndipo amayi a m'midzi iwiri anatha dzinja lonse akutunga madzi kudambo. Zimenezi zimandiwawabe.

Ndiye kusiya zipatso kuja, mmene ndamvera tsopano, si kusiya kulabadira. Munthu amene wadzimangirira ku zotsatira maso ake amachita khungu. Amabisa nkhani zoipa, amakalipira anyamata ake pa zinthu zoti si iwo anachititsa, amapitiriza kuthira ndalama pa chitsime chouma poopa manyazi. Koma amene wavomera kuti iye ndi chimodzi mwa zisanu amatha kuyang'ana critical path, mndandanda wa ntchito zomwe zikachedwa pulojekiti yonse imachedwa, n'kunena poyera kuti apa tathyoka, tichite chiyani. Chosangalatsa n'choti mawu a Chisanskriti, chinenero cha bukuli, otanthauza chipatso ndi phala, amalembedwa ndendende ngati phala lathu lomwa m'mawa, moti mawu oti karmaphala, chipatso cha ntchito, sindidzawaiwala pamayeso.

Mahatma Gandhi wa ku India anandithandizanso. Iye anamasulira Bhagavad Gita m'chinenero chake cha Chigujarati n'kutcha chiphunzitso chake anasakti, kusamatirira, ndipo m'mawu ake oyamba anafotokoza kuti kusiya chipatso sikutanthauza kusasamala za zotsatira. Buku lakelo linatuluka mu 1930, chaka chomwecho chimene anayenda ulendo wotsutsa lamulo la mchere la atsamunda kuchokera ku Sabarmati kukafika ku Dandi, masiku 24 wapansi. Ulendo wotere sungatheke popanda kukonzeratu njira, malo ogona ndi anthu oyenda nawo. Munthu wosalabadira zotsatira sangakonze zinthu mwa dongosolo lotero.

Ndayamba kachizolowezi kamene ndikukhulupirira kuti kakuposa risk register, kaundula wa zinthu zomwe zingasokoneze ntchito, ndi mapulogalamu onse a pakompyuta omwe tinaonetsedwa. Lachisanu lililonse ndisanalembe lipoti, ndizijambula mizere isanu papepala, mzere uliwonse chimodzi mwa zinthu zisanu zija, ndipo vuto lililonse la sabatayo ndiziliika pamzere wake. Lero m'mawa ndayesera ndi ntchito yomwe tili nayo pano. Pa mavuto asanu ndi awiri, awiri okha ndi amene anagwera pamzere wa ine, ndipo awiriwo ndinawaona bwino kuposa kale chifukwa sanasakanikirane ndi mvula kapena mitengo ya simenti. Limodzi mwa iwo ndi kuzengereza kuimbira foni munthu wina amene ndimamuopa. Mutu 18 womwewo uli ndi dzina la munthu wotere, dirghasutri, wozengereza, ndipo ukumuika m'gulu la ogwira ntchito a mumdima, a tamas. Kunena zoona, pepala limodzi limeneli likanaphunzitsidwa sabata yoyamba, theka la kosi ino likanakhala losafunika.

Apa m'pomwe aphunzitsi athu amandikhumudwitsa. Buku la mavesi 700 analipatsa ola limodzi, n'kulidula kukhala timawu tinayi tokongola pa sikirini, toti gwirani ntchito popanda nkhawa. Mafomula a earned value, oyerekezera ntchito yomwe yagwiridwa ndi ndalama zomwe zalowa, tinakhala nawo masabata atatu. Nditafunsa za kutsutsana kwa vesi 47 ndi zomwe opereka thandizo amafuna, anangoti funso labwino, tidzalionanso. Sitinalionenso. Komanso nthawi yake ili kuti? Ndimaweruka 5 koloko, minibasi imandifikitsa kunyumba kutada, ana akudikira, magetsi mwina azima. Mutu 18 ndauwerenga ndi tochi ya pafoni.

Pali zomwe zikundivutabe. Krishna sankaphunzitsa kalembedwe ka malipoti. Ankalankhula ndi munthu amene akukana kumenyana ndi agogo ake a Bhishma ndi mphunzitsi wake Drona, ndipo cholinga cha chiphunzitso chonsecho ndi moksha, kumasuka kwa mzimu, ntchito ikuperekedwa kwa Mulungu ngati nsembe. Kwa Ahindu amenewa ndi malemba oyera. Ine ndine Mkhristu wopita kutchalitchi Lamulungu lililonse, ndangotolapo mavesi awiri kuti andithandize kuofesi. Kaya ndikuwalemekeza eni ake kapena ndikungothyola chipatso pamtengo wa eni, sindinapeze yankho.

Chinanso ndi anyamata aganyu omwe timawalipira akamaliza kukumba ngalande. Kwa iwo chipatso ndi ufa wa madzulo amenewo. Ine malipiro anga amabwera pakutha pa mwezi kaya mjigo watulutsa madzi kaya ayi, ndiye n'kosavuta kwa ine kunena za kusamatirira. Mwina chiphunzitsochi n'cha amene ali ndi udindo okha, monga Arjuna anali mwana wa mfumu. Mwinanso ndikuchichepetsa. Lolemba ndikatumiza lipoti lonena kuti tatsalira ndi masiku khumi, ndipo mmene abwana akalilandirire, kaya.